Mafunso a Owerenga: Kodi Utsi Umasanduka Chiyani Ukakwera Mumlengalenga?

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino m'miyezi ya dzuwa akufunsa za chifunga chotuwa chimene chimaphimba mapiri kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Tasankhapo angapo, ndipo ena tawafupikitsa kuti mayankho apeze malo okwanira.

Funso: Chaka chilichonse mu Sepitembala ndi Okutobala, phiri limene timaliona bwinobwino nthawi ya dzinja limazimiririka m'chifunga, ndipo dzuwa limalowa lili lofiira. Anzanga amati ndi utsi wa moto wa m'tchire, koma ine sindimva fungo la utsi, komanso nthawi zina pamapita masiku ambiri popanda moto woyaka pafupi ndi kwathu. Kodi chimenechi ndi utsi, fumbi, kapena n'chiyani? — Bambo wina wa ku Dedza

Yankho: Anzanuwo akunena zoona, bambo, ngakhale kuti nanunso simukulakwa pokayikira. Mbali yaikulu ya chifungacho inachokeradi ku moto, koma pofika kwanuko imakhala itasintha kwambiri moti siikhalanso utsi uja unafuka pa lupsa. Fumbi liliponso, makamaka m'mbali mwa misewu ndi m'minda youma, koma fumbi lambiri ndi lolemera ndipo limagwa msanga. Chimene chimatsala chikuyandama kwa masiku ambiri ndi tinthu ting'onoting'ono tosapitirira ma micrometre 2.5 kukula kwake, timene m'malipoti a zaumoyo timalembedwa kuti PM2.5. Micrometre imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo tsitsi la munthu limanenepa ma micrometre 50 mpaka 70.

Tinthuti si phulusa ayi. Kamodzi ka mu utsi wa udzu kakaunikidwa, mumapezeka mwaye wakuda wochepa, timchere ta potaziyamu, ndipo mbali yaikulu imakhala msakanizo wa makemikolo zikwizikwi a kaboni, haidrojeni ndi okosijeni, amene anatuluka pamene udzu ndi mitengo zinkaphwanyika ndi kutentha koma osapsereratu. Gawo limeneli akatswiri amalitcha organic aerosol, ndipo malinga ndi malo, limatenga pakati pa 20 ndi 90 peresenti ya kulemera kwa tinthu tonse tosakwana micrometre imodzi topezeka mumpweya.

Utsi ukangochoka pamoto, tinthuto timayamba ndi kuchepa. Ambiri mwa makemikolo aja sakhazikika mbali imodzi: utsi ukadali wothithikana amakhala m'kati mwa kanthu kamadzimadzi, koma ukasakanikirana ndi mpweya woyera amauluka n'kukhala nthunzi yosaoneka ndi maso. Kwa zaka zambiri akatswiri ankawerengera ngati kuti kanthu kakatuluka pamoto kapena pa injini kamakhala momwemo mpaka kadzagwe pansi. Mu 2007 gulu la Allen Robinson ndi Neil Donahue la ku Carnegie Mellon University ku America linaonetsa, poyesa utsi wa injini ya dizilo, kuti kawerengedwe kameneko kanali kolakwika. Utsi atausakaniza ndi mpweya wambiri, gawo lalikulu la tinthu linauluka, koma nthunzi yomweyo ataiwalitsira kuwala kofanana ndi kwa dzuwa inabwereranso m'tinthu itasanduka makemikolo ena. Kafukufuku wotsatira pa utsi wa nkhuni ndi udzu anapeza kuti theka kapena kuposerapo la gawo la kaboni lija limatha kuuluka motere.

Chimene chimabweza nthunziyo ndi okosijeni. Molekyu (kagulu ka maatomu ogwirana) yokhala ndi kaboni ikamatidwa ndi okosijeni imalemerako, komanso imayamba kukokana mwamphamvu ndi mamolekyu anzake, choncho imavutika kukhalabe nthunzi. Kuwonjezera kagulu kamodzi kokha ka okosijeni ndi haidrojeni pa molekyu kumachepetsa mphamvu yake youluka nthawi pafupifupi 100, ndipo zikachitika kawiri kapena katatu molekyuyo imangomata pa kanthu kalikonse kamene yakumana nako. Tinthu topangidwa motere mumlengalenga momwemo timatchedwa secondary organic aerosol, posiyanitsa ndi tija tinatuluka pamoto tili topangidwa kale.

Umboni wina wamphamvu pa nkhaniyi unapezeka kuchigawo chathu chomwe chino. Mu Ogasiti ndi Sepitembala 2000 kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa SAFARI 2000, pamene ndege zonyamula zida zoyezera mpweya zinkanyamuka ku Pietersburg, mzinda umene pano ndi Polokwane, n'kumalowa mu utsi wa moto wa m'tchire ku South Africa, Botswana, Zambia ndi Mozambique. Pa 7 Sepitembala ndege ya University of Washington, motsogozedwa ndi Peter Hobbs, inatsatira utsi wa moto wa ku Timbavati, pafupi ndi nkhalango ya Kruger, ndipo inapeza kuti pasanathe ola limodzi makemikolo ena anali atachepa kwambiri pamene mpweya wa ozoni (okosijeni wa maatomu atatu ogwirana), umene moto sutulutsa, unali utachuluka. Amene anaunika tinthuto ndi maikulosikopu anaonanso kuti mchere wa potassium chloride wa mu utsi watsopano unali utasanduka potassium sulfate ndi potassium nitrate mu utsi wokhalitsa. Patapita zaka, pa siteshoni yoyezera mpweya ya Welgegund kufupi ndi Potchefstroom, Ville Vakkari wa ku Finland ndi anzake a ku North-West University anayeza utsi wambiri wodutsa pamalopo, ndipo zimene anafalitsa mu 2018 zinaonetsa kuti utsi wa m'tchire ukayenda maola atatu masana, kulemera kwa tinthu take kumatha kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Anadziwa izi poyerekeza tinthuto ndi mpweya wa carbon monoxide, umene umatuluka pamoto womwewo koma susintha msanga. Ndiye kuti mu utsi woterowo, theka la zimene diso likuona zinapangidwa panjira. Kumadera ena oyeza apeza kuti kulemera sikusintha kwenikweni chifukwa zouluka ndi zobwerera zimalingana, koma onse amagwirizana kuti makemikolo ake amakhala ena.

Za fungo, yankho lili pomwepo. Fungo la utsi wa nkhuni limachokera kwambiri ku makemikolo monga guaiacol ndi syringol, otuluka m'gawo lolimba la mtengo lotchedwa lignin, ndipo amenewa ali m'gulu la oyamba kusinthidwa, pa maola ochepa chabe. Tinthu tokha timakhala mumlengalenga pafupifupi sabata imodzi, ndipo m'nyengo yopanda mvula timapitirira pamenepo. Pa nthawi yotalika chotero mphepo imakhala itabweretsa utsi wa ku Mozambique, Zambia, Tanzania kapena madera ena a Malawi, kotero kusaona moto pafupi sikutsutsa zimene anzanu akunena. Kumayambiriro kwa Sepitembala 2000 zithunzi za setilaiti zinaonetsa utsi wa mayiko angapo utasonkhana n'kumayenda pamodzi kulowera kunyanja ya Indian Ocean, ndipo ochita kafukufuku uja anautcha mtsinje wa utsi. Dzuwa limafiira chifukwa tinthu ta msinkhu umenewu timabalalitsa ndi kumwa kuwala kwa buluu kuposa kofiira.

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ya sekondale yoyendera. Ophunzira anga amadziwa kuti 21 peresenti ya mpweya ndi okosijeni, usana ndi usiku womwe. Ngati okosijeni ndi amene amasintha utsi, dzuwa likulowapo bwanji? Nanga usiku zonse zimaima? — Mphunzitsi wa ku Mzimba

Yankho: Okosijeni amene timapuma, aphunzitsi, wa maatomu awiri ogwirana, ndi waulesi pa kutentha kwa masiku onse, akanakhala wachangu, bwenzi nkhuni zikupsa zokha pamulu. Pamafunika choyambitsa, ndipo masana ntchito imeneyi imagwiridwa ndi kanthu kotchedwa hydroxyl, kolembedwa kuti OH, kamene ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi imodzi ya haidrojeni. Kamapangika pamene cheza cha ultraviolet chaphwanya molekyu ya ozoni, ndipo atomu ya okosijeni yothothoka pamenepo yagundana ndi nthunzi ya madzi. Hiram Levy ndiye analongosola mu 1971 kuti izi zimachitika mumpweya wamba wa pansi pano, ndipo Paul Crutzen, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1995, ankakatcha chotsukira cha mlengalenga. Kamapezeka kochepa zedi: pafupifupi 1 miliyoni m'kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, momwe muli mamolekyu a mpweya okwana mabiliyoni 25 kuchulukitsa ndi biliyoni inanso. Sikakhala kupitirira sekondi imodzi, chifukwa kamagwira pafupifupi chilichonse chimene kakumana nacho, koma dzuwa likamawala kamapangika kosalekeza. Kumadera otentha ngati kwathu kuno, kumene dzuwa ndi lamphamvu, ndi kumene kamachuluka kwambiri pa dziko lonse.

Kanthuka kakakumana ndi molekyu ya kaboni kamasolola atomu imodzi ya haidrojeni n'kusanduka madzi, kapena kamamata pamene maatomu awiri a kaboni agwirana kawiri. Pamalo potseguka pamenepo okosijeni waulesi uja amalowa nthawi yomweyo, ndipo zotsatira zake zimapitiriza kusinthana ndi mipweya ya naitrojeni kapena ndi tinthu tina tofanana ndi OH. Ophunzira angamvetse msanga mukawakumbutsa za dzimbiri pa malata: kumeneko nakonso okosijeni akulowa m'chinthu pang'onopang'ono popanda malawi, kungoti mumlengalenga zimatenga maola ndi masiku m'malo mwa zaka. Woyamba kuonetsa kuti dzuwa ndilo limaphika chifunga cha m'mizinda anali Arie Haagen-Smit wa ku Caltech, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pofufuza chifunga cha ku Los Angeles. Chochititsa chidwi n'chakuti asanayambe ntchitoyi ankafufuza makemikolo a fungo la nanazi.

Chofunika kuwatsindikira ophunzira n'chakuti okosijeni akalowa pali njira ziwiri. Molekyu imatha kukhalabe yamphumphu n'kungowonjezera okosijeni, ndipo imamata pa tinthu, timene timakula. Imathanso kuduka pakati n'kukhala tizidutswa topepuka timene timauluka, ndipo kanthu kamachepa. Pa maola oyambirira njira yoyamba ndiyo imapambana kawirikawiri, koma masiku akamapita, ndipo malo omatapo okosijeni akamatha, kuduka kumachuluka. Kumapeto kwenikweni kwa njirayi ndi carbon dioxide ndi madzi, zomwe moto ukanatulutsa ukanapsereza zonse. Izi zinaoneka bwino pa kafukufuku wa NASA wotchedwa ORACLES, wa 2016 mpaka 2018, amene ndege zake zinkanyamuka ku Walvis Bay ku Namibia ndi ku São Tomé, komanso pa miyezo ya pa chilumba cha Ascension, makilomita pafupifupi 1,600 kuchokera kugombe la Africa. Utsi wofika kumeneko patapita sabata kapena kuposa unali utataya mbali ina ya makemikolo a kaboni okuta mwaye.

Akatswiri amayeza ukalamba wa tinthu powerenga maatomu a okosijeni poyerekeza ndi a kaboni. Mu utsi watsopano wa galimoto mumakhala atomu imodzi ya okosijeni, kapena kucheperapo, pa maatomu 10 a kaboni. Mu utsi watsopano wa nkhuni mumakhala pafupifupi 3. M'tinthu tokhalitsa mumafika 7 kapena kuposa. Mu 2009 Jose Jimenez wa ku University of Colorado ndi anzake ambiri anasonkhanitsa miyezo ya m'mizinda ndi m'midzi ya ku North America, Europe ndi Asia, ndipo anapeza kuti tinthu tikakalamba timafanana mosatengera kumene tinachokera. Izi zimavutitsa ofuna kudziwa gwero la chifunga. Mwachitsanzo, kemikolo ya levoglucosan, imene imatuluka pamene cellulose (ulusi umene umamanga thupi la zomera) akupsa, inkatengedwa ngati chizindikiro chodalirika cha utsi wa nkhuni, mpaka mu 2010 pamene kuyesa kwa mu labotale kunaonetsa kuti OH amaiwononga pa tsiku limodzi kapena awiri.

Usiku zinthu sizima. OH amasowa, koma ozoni amakhalapobe ndipo amadula mamolekyu amene ali ndi maatomu a kaboni ogwirana kawiri. Pamatulukanso kanthu kena kotchedwa nitrate radical, NO3, kopangika pamene ozoni wakumana ndi nitrogen dioxide. Masana kuwala kumakaphwanya m'masekondi ochepa, n'chifukwa chake kamagwira ntchito mumdima, ndipo kamasintha mwachangu makemikolo onunkhira aja a mu utsi wa nkhuni. Kafukufuku wa ku Greece wa mu 2020 anaonetsa kuti utsi wa nkhuni umatha kukalamba usiku umodzi popanda dzuwa ndi pang'ono pomwe.

Funso: Ndimakhala kunsi kwa phiri la Zomba. Ngakhale mu Januwale, pamene kulibe moto wa m'tchire, dzuwa likawala pamwamba pa nkhalango ya paini pamaoneka kachifunga ka buluu. Mwana wanga amene ali ku koleji akuti mitengo nayonso imaipitsa mpweya. Kodi n'zoona? — Mayi wina wa ku Zomba

Yankho: Mbali ina ya mtundu wa buluu wa mapiri akutali, mayi, imabwera ndi mpweya weniweniwo, umene umabalalitsa kuwala kwa buluu ngakhale uli woyera. Koma mwana wanuyo akunena chinthu chodziwika bwino mu sayansi. Fungo limene mumamva mukalowa m'nkhalango ya paini ku Zomba kapena ku Chikangawa ndi la makemikolo otchedwa monoterpene, monga alpha-pinene, amene amauluka kuchoka mu utomoni ndi m'masamba. Mitengo ina, kuphatikizapo bulugamu, imatulutsa kwambiri kemikolo ina youluka yotchedwa isoprene, ndipo zomera za pa dziko lonse zimatulutsa matani pafupifupi 500 miliyoni a isoprene pa chaka. Mtengo wa tsanya, umene ndi wochuluka ku Liwonde ndi m'madera otentha a kuchigwa, unayezedwa ku Maun ku Botswana pa nthawi ya SAFARI 2000, ndipo unapezeka kuti umatulutsa monoterpene wambiri dzuwa likamawala.

Makemikolo onsewa amatuluka ali nthunzi, ndipo pa ola limodzi kapena maola ochepa amakhala atagwidwa ndi OH kapena ozoni. Katswiri wa zomera Frits Went analemba mu 1960 kuti chifunga cha buluu cha pamwamba pa nkhalango chimapangidwa ndi nthunzi ya mitengo yosinthidwa ndi dzuwa, ndipo mapiri a Blue Mountains ku Australia, odzaza ndi bulugamu, amatchulidwa kawirikawiri pa nkhani imeneyi. Kwa nthawi yaitali ankaganiza kuti isoprene ndi wopepuka kwambiri moti sangapange tinthu, mpaka mu 2004 pamene Magda Claeys wa ku Antwerp anapeza m'tinthu ta ku nkhalango ya Amazon makemikolo amene maatomu ake a kaboni anandandalikana ngati a isoprene. Mu 2014 Mikael Ehn ndi anzake, potsatira zimene anaona m'nkhalango ya paini ya Hyytiälä ku Finland, anaonetsa chinthu china chimene sichinkayembekezeka: molekyu ya alpha-pinene ikangotsegulidwa ndi ozoni imatha kumadzisolola yokha haidrojeni n'kumalandira okosijeni mobwerezabwereza, moti m'masekondi ochepa imakhala ndi maatomu a okosijeni 7, 9 kapena kuposa, ndipo siingaulukenso.

Koma kunena kuti mitengo imaipitsa mpweya n'kupitirira malire. Tinthu ta m'nkhalango yopanda utsi timakhala tochepa kwambiri poyerekeza ndi ta nyengo ya moto, ndipo takhala mbali ya kayendedwe ka mitambo ndi mvula kuyambira kalekale. Chimene chimasintha zinthu ndi kusakanikirana kwa nthunzi ya mitengo ndi utsi wa anthu. Mipweya ya naitrojeni ya m'magalimoto imachulukitsa OH ndi ozoni, ndipo sulfur dioxide wa m'mafakitale otentha malasha amapanga tinthu ta asidi timene timameza msanga zotuluka mu isoprene. Ochita kafukufuku wa GoAmazon mu 2014 ndi 2015 anayeza mpweya wochokera mumzinda wa Manaus ku Brazil ukudutsa pamwamba pa nkhalango, ndipo anapeza kuti utsi wa mumzindawo unachulukitsa kwambiri tinthu topangidwa kuchokera ku nthunzi ya mitengo yomweyo.

Funso: Ndinawerenga kuti utsi umaziziritsa dziko, kwinanso ndinawerenga kuti umalitenthetsa. Zoona ndi ziti? — Wowerenga wa ku Chipata, Zambia

Yankho: Zonse ziwiri zimachitika, ndipo zimadalira mtundu wa tinthu ndi zimene zili pansi pake. Mwaye wakuda umamwa kuwala n'kutenthetsa mpweya, ndipo ukakutidwa ndi makemikolo owala umamwa koposa, chifukwa chokutacho chimasonkhanitsira kuwala pakati. Makemikolo ambiri a kaboni amabweza kuwala kumwamba, zimene zimaziziritsa, koma ena ndi a bulauni ndipo amamwa kuwala kwa buluu ndi kwa ultraviolet. Mtundu umenewu sukhazikika. Usiku NO3 amapanga makemikolo achikasu ndi a bulauni monga nitrocatechol, pamene masana dzuwa ndi OH zimawasulukitsa, ambiri pasanathe tsiku limodzi, n'kutsala ouma mutu amene amapita kutali. Pali ndi timipira tozungulira totchedwa tar balls, timene Mihály Pósfai wa ku Hungary ndi anzake analongosola atatipeza mu utsi wa SAFARI 2000, ndipo timachuluka utsi ukayenda kanthawi. Kummwera kwa Africa kumatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a tinthu tonse ta moto wa m'tchire pa dziko lapansi, ndipo wambiri mwa utsiwo umakakhala pamwamba pa mitambo yoyera ya kunyanja ya Atlantic. Pamenepo umatenthetsa, chifukwa umamwa kuwala kumene mitamboyo ikanabweza. Utsi womwewo pamwamba pa madzi akuda a nyanja, popanda mitambo, umaziziritsa.

Funso: Akuluakulu ena kwathu amati utsi wa tchire ndi umene umaitana mvula ya chizimalupsa. Sayansi ikuti bwanji? — Mlimi wa ku Ntchisi

Yankho: Pali mfundo yoona m'mawu amenewo, bambo, chifukwa John Aitken wa ku Scotland anaonetsa mu 1880 kuti dontho lililonse la mtambo limafuna kanthu koyambirapo. Tinthu tambiri ta kaboni tikamatuluka timakana madzi, koma tikakalamba n'kudzaza okosijeni, komanso tikasakanikirana ndi mchere wa sulfate, timayamba kukoka chinyezi n'kukhala poyambira pabwino pa madontho. Vuto n'lakuti mumpweya simusowa tinthu totere, ndipo tikachulukitsa, madzi omwewo amagawikana m'madontho ambirimbiri ang'onoang'ono amene amavutika kugwirana kuti agwe. Daniel Rosenfeld anaonetsa mu 1999, pogwiritsa ntchito setilaiti pamwamba pa Indonesia, kuti mitambo yolowedwa ndi utsi wambiri inkaleka kugwetsa mvula pamene ina yapafupi inkagwetsa, ndipo Meinrat Andreae anapeza zofanana ku Amazon mu 2004. Chimene chimabweretsa mvula yoyamba ndi kufika kwa mphepo yachinyezi ndi kutentha kwa nthaka. Zimangochitika kuti nthawi yake imatsatana ndi nyengo ya moto. Tiwonjezere kuti mitambo yambiri imauma isanagwetse mvula, ndipo m'madontho mwake makemikolo amapitiriza kusintha, moti kanthu kotsala dontho likauma kamakhala ndi ma asidi monga oxalic acid amene poyamba munalibe.

Funso: M'miyezi ya chifunga timalandira ana ambiri a mphumu ndi chifuwa. Popeza utsi wochokera kutali sununkha, kodi tinganene kuti mphamvu yake yatha? — Namwino wa pa chipatala chaching'ono m'boma la Chikwawa

Yankho: Ayi, anamwino, ndipo mphuno si chida chodalirika pa nkhaniyi. Kukalamba kumachotsa fungo koma sikukulitsa tinthu mpaka kulephera kulowa m'mapapo. Timakhalabe ta PM2.5, tofika m'timatumba ta mpweya ta m'kati mwenimweni. Malangizo a bungwe la World Health Organization a mu 2021 amati tinthuti tisapitirire ma microgram 15 pa cubic metre imodzi ya mpweya pa tsiku, ndi 5 pa avereji ya chaka (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu, ndipo cubic metre ndi bokosi la mita imodzi mbali zonse), ndipo malangizowo sasiyanitsa tatsopano ndi tokalamba.

Poizoni wina amachepadi panjira, monga acrolein amene amayabwa m'maso ndi pakhosi. Koma wina amapangika panjira pomwepo. Mu utsi muli makemikolo a mphete zambiri za kaboni otchedwa PAH, ndipo amenewa akasinthidwa ndi OH, ozoni kapena NO3 amasanduka ma quinone ndi ma nitro-PAH. Ma quinone akafika m'madzi opyapyala okuta m'kati mwa mapapo amapanga mobwerezabwereza mitundu yolusa ya okosijeni imene imatupitsa minofu, ndipo ena mwa ma nitro-PAH amawononga DNA mwachindunji. Zoyesa za mu labotale zimasiyana malinga ndi chimene chatenthedwa ndi nthawi imene utsi wakhala, koma zingapo zapeza kuti galamu imodzi ya utsi wokalamba imavulaza maselo mofanana kapena kuposa galamu imodzi ya watsopano. Ngakhale mungu wa zomera umasintha: gulu la Ulrich Pöschl linaonetsa ku Munich mu 2005 kuti ozoni ndi nitrogen dioxide za m'misewu zimamata naitrojeni pa mapuloteni a mungu wa mtengo wa birch, ndipo mapuloteni osinthidwawo amadzutsa kwambiri chitetezo cha m'thupi.

Palinso njira imene kukalamba kumasungira poizoni m'malo momuwononga. Benzo[a]pyrene, mmodzi mwa ma PAH odziwika kuti amayambitsa khansa, akakhala poyera pamwamba pa mwaye amawonongedwa ndi ozoni m'maola ochepa, komabe amapezeka mpaka ku Arctic, kutali ndi moto uliwonse. Mu 2010 Annele Virtanen wa ku Finland anaona kuti tinthu topangidwa kuchokera ku nthunzi ya paini tinkadumpha tikagunda mbale ya chida choyezera m'malo momata, kusonyeza kuti sitinali tamadzimadzi koma tolimba. Chokuta cholimba chotere, chimene chimapangika makamaka kukazizira ndi kukauma, chimatchinga ozoni kuti asafike m'kati, ndipo kafukufuku wa mu 2017 wa Manish Shrivastava anawerengera kuti izi zimalola benzo[a]pyrene kuyenda mitunda yaitali asanawonongeke.

Kwa makolo a ana a mphumu, chothandiza n'kuwauza kuti chifunga chimatsika n'kuthithikana m'mamawa ndi madzulo, pamene mpweya wozizira wapanikizika pansi, ndipo nthawi imeneyi mwana asathamange kwambiri panja komanso mankhwala ake opumira akhale pafupi. Nsalu yovala kukamwa imasefa fumbi lalikulu koma tinthu ta PM2.5 tambiri timadutsa. Zosefa zovala kumphuno ndi kukamwa monga za mtundu wa N95, zikavalidwa mothina bwino, ndi zimene zimatchinga tambiri. Muwafunsenso za kukhitchini ndi za zinyalala zotenthedwa kuseri kwa nyumba, pakuti m'khitchini yophikira nkhuni pa mafuwa, yopanda potulukira utsi, PM2.5 imafika ma microgram mazana angapo pa avereji ya tsiku, ndipo pa nthawi yokoleza moto imadutsa 1,000.